MATIMATI A MAKOLO NDI NYENGO YA CISANU

Caka ndi caka mwezi wa June ukafika, alimi ambiri a madimba amadandaula dandaulo limodzi. Matimati ao akula bwino, masamba ali obiriwira, maluwa aculuka, koma maluwawo angothothoka osabala kanthu. Ena amati mbeu inali yoipa, ena aganiza kuti feteleza anacepa, ndipo ena amathamangira kusitolo kukagula mankhwala opopera. Koma kawirikawiri cimene cathothola maluwawo ndi kuzizira kwa usiku. Mitundu yonse ya matimati siipirira kuzizira mofanana, ndipo mlimi amene asunga mbeu yace mwanzeru angathe kukhala ndi mtundu wobala pa nthawi imene anzace akusowa cothira m'ndiwo.

DZIKO LINO NDI LOKWERA

Anthu ambiri sadziwa kuti mzinda wa Lusaka uli pamwamba ndithu. Unamangidwa pa citunda ca mamita pafupifupi 1,280 kucokera pa nyanja yamcere, ndiko kuti mafiti oposa 4,000. Cifukwa ca ici, m'miyezi ya June ndi July dzuwa limawala masana, koma usiku kumazizira kufika pa madigiri 10 a Celsius kapena kucepera apo, ndipo m'madambo ena cisanu cimagwa m'bandakuca ndi kuwaula mbeu. Malo ena ndi okwera koposa Lusaka. Mbala ali pa mamita oposa 1,600, mapiri a Nyika apitirira mamita 2,000, ndipo ku Malawi madera a Dedza, Bembeke ndi Tsangano, pamodzi ndi Angonia wa ku Mozambique, ndi maiko ozizira kumene anthu amalima matimati ambiri.

Bvuto limeneli silikhudza a kumidzi okha. Kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, m'mbali mwa mseu wa Great North Road, kuli komboni ya Chaisa, yoyandikana ndi Mandevu ndi Marapodi. Kumeneko kukhala anthu ocokera m'midzi yambiri, ena mwa iwo a ku Chipata, Katete ndi Petauke. Nyumba ndi zothithikana, mapuloti ndi ang'onoang'ono, ndipo m'dzinja madzi amasefukira m'malo ambiri, kotero kuti nyengo yabwino yobzala ndiwo pakhomo ndi yomweyi ya cisanu, pamene pansi pauma. Mai wa pa Chaisa amene ali ndi kamalo ka mapazi ocepa kuseri kwa nyumba sangapirire mtengo wa matimati wongokula masamba. Iye afuna mtengo wobala msanga, wobala nthawi yaitali, ndiponso wosamlipitsa ndalama za mbeu caka ciri conse. Mbeu yotere kawirikawiri imacokera kwa abale a kumudzi, itakulungidwa m'kapepala kapena m'kansalu. Cotero mlimi wa kumudzi akataya mbeu yace yakale, watayitsanso m'bale wace wa m'tauni.

CIFUKWA CACE MALUWA ATHOTHOKA

Duwa la matimati liri ndi mbali yaimuna ndi yaikazi pamodzi. Mungu, ndiwo ufa wacikasu wa m'duwa, uyenera kugwera pa mbali yaikazi ya duwa lomwelo kuti cipatso ciyambe. Akatswiri a malimidwe anapeza kuti usiku ukazizira kucepera madigiri 13, mungu supangika bwino, ndipo pa madigiri 10 kapena kucepera apo wambiri umakhala wopanda mphamvu. Duwa losalandira mungu wamoyo limafota pakhosi ndi kugwa. Nthawi zina limabala, koma cipatso cace cimakhala copindika, ca zipsera kunsi kwace. Kutentha kopitirira nakonso kucita cimodzimodzi, ndico cifukwa cace maluwa amagwanso m'mwezi wa October.

Pali cinthu cimodzi cimene mlimi ali yense ayenera kumvetsa. Palibe mtundu wa matimati odyedwa umene ungapulumuke cisanu ceniceni, cija coumitsa madzi pa masamba. Pamene kunenedwa kuti mtundu wakuti upirira kuzizira, tanthauzo lace ndi lakuti umagwira zipatso ngakhale usiku uli wozizirirapo, ndiponso umakhwima msanga. Wamalonda amene alonjeza mbeu yosafa ndi cisanu akunama.

KUMENE MATIMATI ANACOKERA

Matimati, amene ena amawachula phwetekere, si mbeu yobadwira mu Africa. Makolo ace amamera okha m'thengo ku South America, m'maiko a Peru ndi Ecuador, ndipo anthu a ku Mexico ndiwo anawalima kwambiri, nawachula kuti tomatl. Azungu a ku Spain anapita nao ku Ulaya, ndipo m'caka ca 1544 sing'anga wa ku Italy dzina lace Mattioli anawalemba m'buku lace la zomera. Kucokera pamenepo amalonda a pa nyanja anawafalitsa m'maiko ambiri.

M'mapiri a Andes, kwao kwa matimati, muli m'bale wace wa m'thengo wochedwa Solanum habrochaites, amene amera mpaka pa mamita oposa 3,000. Masamba ace ndi aubweya, zipatso zace ndi zobiriwira ndi zosadyedwa, koma apirira kuzizira koposa matimati olimidwa, ndipo akatswiri amamgwiritsa nchito pofuna kulimbitsa mitundu yatsopano. Izi zisonyeza kuti mphamvu yopirira kuzizira irimo m'banja la matimati, ndipo imaonekera kwa iye amene aisankha.

MITUNDU YAKALE YA M'MAIKO OZIZIRA

M'maiko a kumpoto, kumene nyengo yolima ndi yaifupi, alimi ndi akatswiri anasankha mitundu yao kwa zaka zambiri. Wodziwika kwambiri ndi Stupice, wochedwa ndi dzina la mudzi wa pafupi ndi mzinda wa Prague. Masamba ace afanana ndi a mbatata ya kacewere, zipatso zace ndi zazing'ono ngati dzira la nkhuku, ndipo ziyamba kupsa patapita masiku pafupifupi 60 ciokereni mbande. Ku France kuli Marmande, wa zipatso zazikulu zaphwathalala, wodziwika ndi kugwira zipatso nyengo isanatenthe. Ku Canada, pa malo oyesera mbeu a Beaverlodge m'cigawo ca Alberta, kunacokera Sub-Arctic Plenty, mtengo waufupi wobala msanga. Ku England kunacokera Moneymaker, amene alimi a madimba a Zambia ndi Malawi amdziwa kuyambira kale, ndipo ku America boma linatulutsa Marglobe m'caka ca 1925.

Mitundu yonseyi iri ndi ubwino umodzi waukulu: njere zace zikabzalidwa zimabala zipatso zofanana ndi za mai wace. Komabe mlimi asafulumire kuganiza kuti mbeu ya ku Prague kapena ku Canada ndiyo idzathetsa bvuto lace. Nyengo yolima ya kumeneko ndi ya masiku atali kwambiri, pamene nyengo ya cisanu ya kuno ndi ya masiku aafupi, dzuwa lamphamvu masana, mphepo youma, ndi usiku wozizira. Ndiponso mitundu yambiri yakale ya kunja siinakumanepo ndi matenda a m'dothi la kuno, monga kufota kwadzidzidzi ndi tianyongolotsi totupitsa mizu. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Wofuna kuyesa mtundu wacilendo ayambe ndi mitengo isanu kapena khumi pambali pa mbeu yace ya masiku onse. Akumbukirenso kuti lamulo silola kulowetsa mbeu m'dziko popanda cilolezo ca Boma, pakuti matenda ena oopsa amayenda m'njere.

MBEU IMENE IRI PAKHOMO

Mbeu yoyenera kuiganizira coyamba ndi imene iri kale m'midzi ndi m'makomboni. Ali yense adziwa timatimati tating'onoting'ono tija timera tokha pa dzala, pa phulusa ndi m'mbali mwa khola. Palibe amatipopera mankhwala, koma timabala miyezi yambiri, ndipo tiwiri titatu tikwanira kukometsa mphika wa ciwawa. Matimati a zipatso zazing'ono kawirikawiri amagwira zipatso mosabvuta pa nyengo yobvuta koposa a zipatso zazikulu. Palinso mitundu ya zipatso za mizeremizere ndi za madzi ambiri imene mabanja ena asunga kucokera kwa agogo ao. Mitundu yotere siinalembedwe m'buku la wamalonda ali yense, koma yazolowera dothi ndi mphepo ya malo ace cifukwa ca kubzalidwa pamenepo zaka zambiri.

Mitundu imeneyi ikusowa pang'onopang'ono, ndipo cifukwa cace ndi codziwika. Msika wa Soweto mu Lusaka, kumene malole amatula mabokosi a matimati ocokera ku Mkushi, Chibombo, Mumbwa ndi Chongwe, ufuna cipatso colimba khungu, cofanana kukula, cosaphwanyika pa ulendo. Motero alimi a malonda anatembenukira ku Rodade wa ku South Africa, ku Tengeru 97 amene anatulutsidwa ku Tanzania m'caka ca 1997, ndi ku mbeu za haibridi zolembedwa F1 pa paketi. Iwo sanalakwe, pakuti mbeu zimenezi zimabala kwambiri ndipo zipirira matenda ena. Njere za Rodade ndi Tengeru mlimi angathe kuzisunga. Koma njere zotengedwa m'cipatso ca F1 zimabala mitengo yosiyanasiyana, ina yabwino, ina yacabecabe, kotero kuti mwini munda ayenera kugula paketi yatsopano nthawi iri yonse. Kwa mlimi wamkulu wogulitsa mabokosi mazana ici si cobvuta. Kwa banja lolimira mphika wace ndi ndalama yotayika, ndipo mbeu ya makolo ikatha m'mudzi palibe sitolo imene ingaibweze.

Boma lizindikira za ngozi imeneyi. Pa Mount Makulu, pafupi ndi Chilanga, pali nkhokwe ya dziko yosungira mbeu za makolo, ndipo ku Chalimbana, kum'mawa kwa Lusaka, kuli nkhokwe ina yotumikira maiko onse a SADC, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1989. Koma mbeu yokhala m'nkhokwe yozizira imangogona. Mbeu imene ipitiriza kuzolowera nyengo ndi imene ibzalidwa ndi kusankhidwa caka ndi caka, ndipo nchito imeneyi ndi ya mlimi.

KASANKHIDWE KA MITENGO YA MBEU

Colakwa ca alimi ambiri ndi kutenga mbeu ku zipatso zotsalira kumapeto, kapena ku cipatso cacikulu cogulidwa pamsika cimene mai wace sadziwika. Wofuna mtundu wopirira kuzizira asankhe mtengo, osati cipatso, ndipo asankhe pa nthawi ya kuzizira komweko.

Afese njere pa nazale m'mwezi wa April, aokere mbande patapita masabata anai kapena asanu, kuti maluwa adzaturuke m'June ndi July. Pa masabata ozizira koposa ayendere munda wace m'mawa ndi kuyang'ana phava liri lonse la maluwa. Adzaona kuti pa mzere umodzimodzi mitengo ina yataya maluwa onse, pamene ina yagwira zipatso zinai kapena zisanu pa phava. Mitengo yogwirayo, ngati masamba ace ali opanda mawanga ndi osapiringizika, aimangirire kansalu kofiira kuti ana ndi ogula asathyoleko. Asasankhe mtengo umodzi wokha, koma isanu kapena khumi, kuti mbeu isafooke. Akacita cotere zaka zitatu kapena zinai zotsatizana, mitengo yogwira zipatso pa cisanu idzayamba kuculuka m'munda mwace. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Popeza duwa la matimati limadzipatsa lokha mungu, mitundu siisakanizika kawirikawiri. Komabe njuci nthawi zina zimanyamula mungu, makamaka pa timatimati tating'ono ndi mitundu ya masamba onga a kacewere. Ndi bwino kulekanitsa mitundu iwiri ndi mayadi khumi kapena kuposa, ndi kubzala ndiwo zina pakati pace.

KAKONZEDWE NDI KASUNGIDWE KA NJERE

1. Zipatso za mbeu zithyoledwe zitapsa ndithu pa mtengo, zopanda bala kapena kuola.

2. Zidulidwe pakati, ndipo njere pamodzi ndi madzi ace zifinyiridwe m'kapu kapena m'botolo la pakamwa papakulu. Mnofu wotsala upite mumphika.

3. Botololo likhale pamthunzi masiku awiri kapena atatu, ndi kulitakasa tsiku liri lonse. M'nyengo yozizira lingafune tsiku limodzi loonjezera. Pamwamba padzaoneka nkhungu yoyera ndi fungo losasa. Kusasa kumeneku kucotsa utoto woterera wokuta njere, umene uletsa kumera, ndipo kucepetsa matenda ena okhala pa khungu la njere. Likapitirira masiku amenewa njere ziyamba kumera m'botolo ndi kuonongeka.

4. Athiremo madzi oyera. Njere zabwino zimamira, zopanda kanthu zimayandama. Zoyandamazo zitayidwe, ndipo zomira zitsukidwe kawiri kapena katatu.

5. Njere ziyanikidwe pa mbale kapena pa nsalu, pamthunzi popita mphepo, kwa sabata imodzi. Zisayanikidwe pa malata otentha ndi dzuwa.

6. Zikauma ziikidwe m'kapepala kolembapo dzina la mtundu ndi caka, ndipo kapepalako kalowe m'botolo lotsekeka bwino pamodzi ndi phulusa louma pang'ono. Botolo likhale pa malo ozizira, kutali ndi moto.

Njere zosungidwa motere zingakhale ndi moyo zaka zinai kapena kuposa. Asanafese, mlimi aike njere khumi pa kansalu konyowa m'nyumba mofunda. Ngati zisanu ndi zitatu zamera pa masiku khumi, mbeuyo iri bwino. Galamu imodzi iri ndi njere pafupifupi 300, kotero kuti zipatso zocepa cabe zikwanira banja ndi anansi omwe.

KUCHINJIRIZA MUNDA KU CISANU

Mbeu yabwino ifunanso malo abwino. Mphepo yozizira ndi yolemera, ndipo usiku imatsetsereka ngati madzi kukadikha pa malo otsika. Cifukwa ca ici pakati pa dambo ndipo pamagwa cisanu coyamba. Matimati a nyengo imeneyi abzalidwe m'mphepete mwa dambo, pokwererapo, ndipo pansi penipeni pasiyidwire kabici, repu ndi anyezi, zimene siziopa kuzizira. Malo otsetserekera kumpoto alandira dzuwa lambiri m'miyezi imeneyi. Mpanda wa udzu kumbali ya kum'mwera ndi kum'mawa uchinga mphepo youma, koma kumunsi kwa munda kusiyidwe mpata kuti mphepo yozizira ituruke.

Dothi lonyowa lisunga kutentha kwa dzuwa koposa dothi louma, motero munda uthiriridwe m'mawa, pa tsinde osati pa masamba. Masamba ogona onyowa pa usiku wozizira aitana ciwau. Udzu wophimbira pansi ndi wabwino posunga cinyezi, koma ukacindikala umaletsa dothi kutulutsa kutentha kwace usiku. Pa masabata oopsa ndi bwino kuucepetsa. Madzulo a tsiku lopanda mitambo ndi lopanda mphepo ndico cizindikiro ca cisanu. Pamenepo mitengo ifundidwe ndi masaka kapena udzu dzuwa lisanalowe, ndi kubvundukula m'mawa. Masana dzuwa litafunda, mlimi agwedeze pang'ono timitengo tocirikiza kuti mungu ugwere m'maluwa.

A m'makomboni monga Chaisa ali ndi mwai umodzi umene a kudambo alibe. Khoma la njerwa loyang'ana kumpoto limamwa dzuwa usana wonse ndi kufunditsa mbeu usiku. Mtengo umodzi ukula bwino m'thumba kapena m'cidebe ca malita 20 coboola kunsi, codzaza ndi dothi losakaniza ndi manyowa oola. Koma madzi othirira akhale oyera. Madzi a m'ngalande asayandikire ndiwo, pakuti kolera inabvuta makomboni a Lusaka m'zaka za 2017 ndi 2018, ndiponso m'2023 ndi 2024.

Mbeu ya makolo siiletsa tizirombo. Kambozi koboola masamba ndi zipatso kochedwa Tuta absoluta, kamene kanafika m'Zambia m'caka ca 2016, kamadya mitundu yakale ndi yatsopano mofanana. Masamba ogwidwa acotsedwe ndi kukwiriridwa, mapesi a matimati akatha kubala atenthedwe, ndipo pa malo pamene panali matimati, mbatata ya kacewere, fodya kapena impwa pasabwerezedwe matimati kufikira patapita zaka zitatu.

MAU OTSIRIZA

Mlimi wanzeru sataya mbeu ya kusitolo, ndiponso sanyoza mbeu ya agogo. Ya kusitolo ndi ya bokosi lopita kumsika. Ya agogo ndi ya mphika wa pakhomo ndi ya caka cimene ndalama yasowa. Banja liri lonse lisiye mzere umodzi kapena iwiri ya mtundu wace wakale, lisankhe mitengo yogwira zipatso m'June ndi July, ndipo ligawireko njere kwa anansi ndi kwa abale a m'tauni, pakuti mbeu yokhala m'nyumba imodzi yokha ingathe ndi moto kapena mbewa pa usiku umodzi. Amene ali ndi mtundu wosaonekaoneka, kapena afuna thandizo pa matenda a m'munda mwace, akaonane ndi mlangizi wa malimidwe wa m'dera lace nyengo yofesa isanafike.